Chisomo wagwira mbuzi ku Birmingham

Mwaswera bwanji nonse. Ndikulemba uku misozi ya kuseka ili m'maso.

Poti ana ali pa holide, lero ndinawatengera ku kafamu ka ana kuno ku Birmingham kukaona ziweto. Mng'ono wanga Chisomo, amene wangobwera kumene kudzagwira ntchito ya care, yosamalira okalamba ndi odwala, ku Stoke, anatiperekeza. Mukudziwa kale kuti mwana wanga Tadala amamuthawa, akuti Chingerezi cha aunty sachimva.

Tili mkati moyendayenda, mbuzi ina inathawa m'khola. Ogwira ntchito awiri anayamba kuilondola ndi ndowa ya chakudya, akuinyengerera ngati khanda, "come on, Daisy." Ana kukuwa, makolo kuthawitsa mapulamu, tingolo tokankhira makanda.

Chisomo anangondipatsira handibagi, kuvula nsapato, n'kuizembera chakumbuyo. Kamodzi kokha, mwendo uli m'manja, ngati kwathu ku Dedza. Azungu onse kuomba m'manja.

Tadala anazungulira famu yonse akuuza aliyense kuti, "That's my aunty." Mu basi pobwerera wakana kukhala ndi ine. Ali pamiyendo pa Chisomo, akufunsa mayina a mbuzi zathu za kumudzi.

Ndiye abale, timuuze zimene zimaichitikira mbuzi kwathu pa Khirisimasi, kapena tidikire akule kaye?