Ngalawa Zimene Mbuzi Zinadya

Mng'ono wanga si munthu wopemphapempha. Ndinamlera ndine amayi atamwalira, ndipo zaka zonsezo ankangolandira chimene wapatsidwa, kaya ndi nsapato zanga zakutha kaya diresi lomkulira. Ndiye atandiuza kuti pa bulaido shawa yake akufuna pakongoletsedwe ndi sitima zapamadzi, ndinavomera ndisanafunse n'komwe chifukwa chake.

Mwamuna wake ndi dalaivala wa thiraki, amadutsa pamalire a Mwanza kupita ku Beira. Ankamtumizira pafoni zithunzi za sitima zitaima padoko, ndipo ndinkamseka mwanayo kuti wakonda sitimazo kuposa mwini zithunzi. Ife a kwa Kanduku madzi athu ndi a pamjigo ndi timitsinje touma m'chilimwe. Nyanja yamchere sindinaionepo mpaka lero.

Ndinagula mapepala oyera ku Thambani, n'kupemphako makatoni a sopo m'magolosale. Utoto wake ndinasungunula bulu wochapira zovala. Zomatira ndinaphika phala la ufa wa chinangwa, monga tinkamatira mabuku kusukulu. Foni ili pabondo, ndikuonera zithunzi zija, ndinadula sitima zazitali za mawindo ndi chumuni, anangula, ndi mafunde opiringizika, mpaka sizasi inandichititsa matuza. Madzulo mng'ono wanga ankabwera kudzazigwira ndi nsonga za zala. Ndisaname, mumtima ndinkadzitama.

Phwando lili mawa, azakhali, omwe anali mlangizi wamkulu, anamtsekera m'nyumba kuti ayambe kumlangiza. Ine ndinamata zotsala, ndipo poona kuti phala silinaume, ndinayanika zonse pamphasa pabwalo ngati mphale, n'kupita kukatunga madzi. Inali nyengo yoti anthu akolola, pamene mbuzi zimangotayiriridwa. Mphale timasiyira munthu woingitsa ziweto, koma mapepala ndinkaona ngati safuna mlonda.

Pobwera ndinapeza mbuzi za aneba zili paphwando lawo. Fungo la chinangwa linali litaziitana. Tonde wina anali ndi nangula kukamwa, akundiyang'ana ngati ndine ndamsokoneza. Ndinazigenda ndi chilichonse chimene dzanja linapeza, ndipo mawu amene ndinalankhula sindingawalembe pano. Kenako ndinakhala pansi n'kulira, chifukwa chinthu chimodzi chokhacho chimene mwanayo anandipemphapo chinali m'mimba mwa mbuzi.

Azimayi amene anabwera kudzasenda mbatata ndi kukazinga nkhuku zamawa anandizungulira. Mkazi wa mchimwene wanga, yemwe pakamwa pake sipauma, anaseka mpaka misozi.

"Alamu, mwaphikira mbuzi phala n'kuziyalira mphasa, ndiye mumati zikane?"

Anatola pepala lina lopulumuka, n'kulipinda pantchafu, uku ndi uku, ndipo kanatuluka kangalawa kaja tinkayandamitsa m'ngalande mvula ikagwa tili ana.

"Izi sizifuna phala," anatero, akundiponyera pamiyendo.

Manja a aliyense anakumbukira. Anasiya mipeni, n'kukhala pamphasa yomweyo. Mapepala oyera atatha, tinang'amba makope akale a ana ndi kalendala ya pakhoma. Tinkaviika pansi pa ngalawa iliyonse mu bulu, n'kuzitunga pa ulusi wa matumba a feteleza. Zina zinali zopendekeka, zina zinali ndi masamu ndi cholembera chofiira cha aphunzitsi m'mbali. Anzanga ankaimba, koma ine mtima sunali m'malo. Izi zinali ngalawa za ana, osati sitima za ku Beira zimene iye anazigwira ndi zala zake, ndipo kumeneko m'nyumba sankadziwa kanthu.

Kutacha tinazipachika m'chisakasa, ulusi pamwamba pa ulusi, mpaka udzu wa denga unabisika. Mwambo wake, mkwatibwi amatuluka atafunditsidwa chitenje, n'kukhala pampando atawerama, maso pansi, osaseka ngakhale alangizi anene zoseketsa bwanji. Pomwe ankamvundukula, ine ndinali nditabisala kumbuyo kwa alamu anga ngati mwana woswa mbale.

Kamphepo kanawomba, mapepala n'kuyamba kukhulana pamwamba pake. Ndinaona khosi lake likulimbana ndi mwambo. Kenako anadzutsa mutu. Anayang'ana ulusi uliwonse pang'onopang'ono, anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza, ndipo anaseka mano onse poyera, apongozi ake akuona.

"Maso pansi, iwe," ananong'ona azakhali, akumtsina pamkono.

Anawerama. Koma nyimbo isanathe anadzutsanso mutu, ndipo azakhali, atayang'ana okha m'mwambamo, anangomleka.