Phula Wakuda Pansi pa Fobayifo

Ntchito yanga yoyamba ku Mangalande ndinaipeza chifukwa cha lilime, osati manja. Kunali kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, ndikuphunzira zamakompyuta ku Manchester, m'thumba muli mbee. Mnzanga wa kutchalitchi anandiuza kuti ku Salford kuli mzungu wa galaja amene akufuna munthu wodziwa Chichewa. Ndikanakhala wanzeru ndikanafunsa kuti galaja ikufuna Chichewa cha chiyani, koma njala sifunsa mafunso. Ndinapita tsiku lomwelo.

Galajayo inali pansi pa mlatho wa sitima, yozizira ngati furiji. Mwini wake, Gary, ankagula mafobayifo akale, magalimoto aakulu aja okoka ndi matayala onse anayi, kwa azungu amene atopa nawo. Ndipo kutopako kunali ndi chifukwa. Fobayifo yokalamba imamwa dizilo mosaopa Mulungu. Tayala lake limodzi limagula awiri a galimoto yaing'ono, inshuwalansi ndi yokwera, ndipo difu, bokosi lija lozungulitsa matayala, ikayamba kulira, giyabokosi nayo imakhala ili m'njira. Pamwamba pa izo, kuno galimoto imayesedwa chaka ndi chaka, mayeso otchedwa MOT, ndipo ikalephera siloledwa pamsewu. Gary ankatola zolepherazo pamtengo wozizira. Ogula ake tinali ife: anamwino ndi ena ogwira ntchito kuno, Amalawi ndi a ku Zambia, ofuna kutumiza galimoto kumudzi pa sitima yapamadzi. Galimoto yotuluka m'dziko siyesedwa MOT.

M'mawa ndinkavala ovolosi, kukweza galimoto pa rampu, kutenga burashi yawaya n'kupala dzimbiri pa chasisi, chitsulo chachikulu chija chimene galimoto yonse imakhalapo. Pamene pabooka ndinkamata fila, phala lotsekera mabowo, ikauma n'kusalaza, kenako kupopera phula wakuda mpaka pansi ponse paoneke ngati pa galimoto yatsopano. Gary ankati phulayo ndi woteteza chitsulo, ine n'kusankha kukhulupirira. Masana ndinkasamba m'manja, kuvala malaya oyera, n'kuima pakhomo kulonjera makasitomala m'chinenero chakwathu. Ndinali nyambo, ndipo ndinadziwa mochedwa.

Ife Amalawi galimoto timaiyesa mwa kwathu. Kwathu galimoto imafa ndi injini, fumbi ndi maenje, choncho munthu amatsekula boneti, kusolola kachitsulo koyezera oyilo, kumvetsera kulira kwa injini, kuyang'ana utsi, kumenya tayala ndi nsapato, basi wakhutira. Palibe amene amagwada kuyang'ana pansi, chifukwa kwathu pansi sipaola. Kuno nthawi yozizira amawaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo umadya chitsulo kuchokera pansi, pamwamba penti ali waliwali. Ulemu wathu nawo umatipweteka. Munthu akapatsidwa moni wa Chichewa kudziko la eni, kufunsa mafunso ambiri amakuona ngati kunyoza mwana wakwawo.

Nditagwira miyezi isanu kunabwera fobayifo yobiriwira, injini yake yolira bwino kwambiri. Nditayamba kupala kumbuyo, pamene sipuling'i imagwira chasisi, burashi inangolowa. Chitsulo chinkayoyoka m'manja ngati chikhungwa cha mtengo wouma, ndipo mapaipi a buleki anali otupa ndi dzimbiri. Ndinaitana Gary n'kumuuza kuti pakufunika kudula ndi kuwotcherera chitsulo china, mapaipinso asinthidwe.

"Kuwotcherera kumadya phindu," anatero, osaweramira n'komwe. "Mata fila, upopere. Kwanu kulibe MOT."

Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Munthuyo ankadziwa bwino kuti kwathu galimoto yotere imanyamula anthu khumi, matumba a chimanga pamwamba, n'kutsika nawo phiri. Koma chimene chimandiwawa koposa ndi chakuti ndinamata, ndinapopera, ndipo ndinaigwira bwino ntchitoyo.

Loweruka kunafika mayi Nangozo, namwino wa ku Middlesbrough, mzimayi wamsinkhu wa mayi anga. Anazungulira galimotoyo, kumvetsera injini, n'kuisisita pa boneti. Anandiuza kuti agwira mashifiti owonjezera zaka ziwiri chifukwa cha tsiku limeneli. Bambo awo ali ku Neno, amadwala shuga, ndipo mwezi uliwonse amayenera kukaonana ndi dokotala ku Blantyre. Nthawi ya dzinja matola safika kumudziko. Mchimwene wawo ndiye adzayendetsa.

"Depoziti ndinapereka kale, zithunzi ndinatumiza, mudzi wonse ukudikira," anatero akumwetulira. "Mwana wanga, ndi yabwino eti? Ndikudalira iwe."

Gary anali chapafupi, akumwetulira nayenso, podziwa kuti nyambo yake ikugwira ntchito. Ine ndinaganiza za msewu wa ku Neno, wotsetsereka, wamatope, nkhalamba ili pampando wakumbuyo.

"Mayi, musagule," ndinatero. "Pansi ndi yoola. Phula mukuonayo ndapopera ndine."

Ndinkayembekezera kuti andithokoza. M'malo mwake nkhope yawo inasintha.

"Iwe, wauzidwa ndi ndani kuti undilepheretse? Kapena waipezera kasitomala wina? Amalawi nsanje bwanji? Munthu akati atukuke pang'ono, basi mwayamba."

Mtima unandipsa. Ndaika ntchito yanga pachiswe chifukwa cha bambo awo, iwo akunditcha wansanje. Ndinakwera m'galimotomo, kuiyika pa rampu n'kudina batani. Gary anayamba kufunsa kuti ndikuchita chiyani, ine osamuyang'ana. Itakwera ndinatenga nyundo yaing'ono n'kuwapatsa mayiwo ndi manja awiri, n'kuwalozera malo aja.

"Menyani apa, mayi. Musalimbe nazo, pang'ono chabe."

Anazengereza, kenako anamenya. Nyundo inalowa mpaka pachigwiriro. Fila ndi dzimbiri zinawagwera m'tsitsi ndi pa jekete. Anamenyanso pena, napo panabooka. Anaima chilili, nyundo ili m'manja, akuyang'ana bowolo.

Zotsatira zake zinali zachangu. Gary anakuwa kuti tawononga katundu wake. Mayi Nangozo anatembenuka n'kumulankhula m'Chingerezi cha muwodi ya chipatala, chozizira, chosakweza mawu, kuti abweze depoziti pompo apo ayi aitana apolisi adzaone okha. Anabweza. Ine anandiuza kuti ndivule ovolosi ndipo ndisadzapondenso pakhomopo.

Ine ndi mayi Nangozo tinayenda limodzi kupita kokwerera basi. Ndinkaganiza za lendi ya mwezi umenewo, koma pansi pamtima ndinkadzimva ngwazi. Ndinkadikira kamawu kabwino, kapena kupepesa pa nkhani ya nsanje ija. Basi yawo itaonekera patali, anasasa dzimbiri pa jekete n'kundiyang'ana.

"Wagwira nthawi yaitali bwanji pamenepaja?"

"Miyezi isanu, mayi."

"Nanga zinazo, zimene unagulitsa kwa anzanga? Unawapatsanso nyundo?"

Anakwera basi osatsanzika.

Masabata otsatira ndinkatsuka mbale mu lesitilanti ina, ndipo nthawi yopuma ndinkafunafuna anthu amene ndinawalonjera pakhomo paja. Ena ndinawapeza kudzera kutchalitchi n'kuwauza kuti aimbe foni kumudzi, galimoto ikayang'anidwe pansi isananyamulenso anthu. Mmodzi anandithokoza, wina ananditukwana, ndipo sindikumuimba mlandu. Awiri sindinawapeze.

Masiku ano ndimagwira ntchito ya muofesi, koma anzanga akafuna kugula fobayifo yakale amanditenga. Ndimawauza kuti ikasamalidwa ndi galimoto yolimba, ingofunika thumba lakuya. Ndimanyamula tochi ndi nyundo, ndimagona chagada pansi ngakhale nditavala suti, ndipo ndikaona phula watsopano ndimawauza kuti tizipita. Wogulitsa akandipatsa moni wokoma wa Chichewa, ndimayankha mwaulemu n'kumenya chasisi kawiri. Za awiri aja sindinamvepo kanthu. Ndikawerenga nkhani ya ngozi ya pamsewu kumudzi, ndimayamba ndayang'ana mtundu wa galimoto.