Miyezi Yopanda Dzuwa ku Al Quoz

Ntchito ya ku Al Quoz, mumzinda wa Dubai, anandipezera ndi Amayi Phiri, omwe tinkapemphera nawo. Mliri wa korona unali utangoyamba ndipo hotela yomwe ndinkagwirako inali itatseka. Kampani ina yogulitsa zipangizo za chipatala inkafuna opakira katundu, ndiye ndinalowa osafunsa zambiri.

Umatenga sikana, kachipangizo kowerengera manambala, n'kuona nambala ya oda, n'kulongedza mamasiki, magulovu ndi sanitaiza m'katoni. Ukamata ndi tepi umasanja pa paleti, kathandala ka matabwa, ikadzaza umaikulunga ndi pulasitiki kuti wa fokolifiti, galimoto yonyamulira katundu, adzaitenge. Nyumba yosungiramo katunduyo inalibe zenera. Basi inkatitenga kusanache n'kutibweza dzuwa litalowa. Tsiku lopuma sitinkaloledwa kuyendayenda, ndipo malamulo atafewa, kunja kunali kutentha koti palibe ankayerekeza kuimako.

Kwathu akamva za Dubai amaganiza dzuwa lokhalokha. Ine ndinatha miyezi osaliona.

Thupi linayamba kundilemera. Ndinkagona koma tulo osatha, chakudya chomwe ndinkafuna ndi buledi ndi tiyi wa shuga wambiri basi. Mwana wanga akaimba kuchokera ku Ndirande ndinkangoiyang'ana foni ikulira. Ndinkamusowa, koma mphamvu zomusekerera ndinalibe.

Tsiku lina kunabwera oda yaikulu ya kiliniki. Manambala sankalowa m'mutu, moti ndinalongedza magulovu ang'onoang'ono m'malo mwa aakulu, paleti yonse. Bwana wathu, bambo wina wa ku India wosadziwa kuyenda pang'onopang'ono, anakuwa kuti, "Yalla, fulumira, masula zonse, lole ikudikira!"

Ndinatenga mpeni wodulira tepi, ndinatsegula katoni imodzi, kenako ndinangokhala pansi pa simenti. Misozi inanyowetsa masiki. Anzanga anapatuka poopa kuti ndi korona. Bwana anaima chapatali n'kunena kuti, "Pita ukayezetse. Zikachitikanso, khalas, ntchito yatha."

Zotsatira anandipatsa ndi nesi wina wa ku Chipata, a Banda.

"Korona mulibe, asisi," anatero. "Manje dzuwa munaliona liti?"

Anandilowetsa kwa dokotala, yemwe anandifunsa zambiri asananene kuti ndi matenda a kukhumudwa, omwe amagwira anthu a kumayiko ozizira nyengo imene dzuwa limasowa. Anati ndiyese nyale yochizira vutoli. A Banda anandibwereka yawo, yoyera, yaphwatalala ngati thireyi. Umaiyatsa m'mawa ukangodzuka, n'kuiika chapambali pomwe ukumwa tiyi, osaiyang'anitsitsa. Madzulo sayatsa, imabalalitsa tulo.

Anzanga ogona nawo ankandiseka kuti ndikuwothera babu. Ine ndinkangoyatsa basi. Ndinapemphanso bwana kuti nthawi yopuma ya m'mawa ndiziima pageti lokwezera katundu, pomwe dzuwa limafika. Anavomera monyinyirika.

Sizinasinthe msanga ayi. Panapita masabata ndisanazindikire kuti ndadzuka alamu isanalire, ndipo manambala ayambanso kumveka. Kutopa kunachepa ngakhale sikunatheretu, ndipo ntchito ndinaisunga.

Chomwe ndinatolapo n'chakuti kutopa komwe sikutha ndi tulo si ulesi, ndipo kumafunika kukuulula usanagwe. Masiku ano mnzanga akayamba kukhala duu pantchito, sindimupanikiza ndi mafunso. Ndimangomugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Tiyeni asisi, tiyi tikamwere panja."