Asidi wa Ndowa

Amuna anga atapita ku Halale, zaka za Chitaganya zija, chogwirika chimene anatumiza chinali wailesi yozungulira ngati sefuliya. Iwo kulemba sankadziwa, ine kuwerenga ndiye ayi. Mnzawo amene anabweretsa wailesiyo anandisiyira mawu akuti ndizimvera nthawi imene amawerenga moni wa anthu a kutali, chifukwa amuna angawo tsiku lobwerera adzalinenera momwemo.

Ndinkaisamala kuposa mwana, mpaka mwana weniweniyo anaigwetsa. Inangoti zii.

Achimwene anga ankawotcherera ndowa ndi zitini pamsika wa Kasakula. Luso anali nalo, koma anali samva za mnzake. Atatsegula kumbuyo kwa wailesiyo anaseka.

"Mlongo, ndi waya chabe waduka. Ine ndamata ndowa zobooka ngati sefa, kawaya aka kangandikanike?"

Anaika chitsulo chawo cha mutu wamkuwa pamakala, napala nsonga za waya ndi mpeni mpaka zinawala. Kenako anaviika nthenga ya nkhuku m'kabotolo ka asidi, monga ankachitira ndi ndowa, nadontheza pawayapo. Utsi wake unanditsamwitsa.

"Ukatenthetsa mtovu wokha sugwira," ankatero ngati ndawafunsa. "Tenthetsa wayayo, mtovu uyende wokha."

Unayendadi ngati madzi, nuuma monyezimira. Wailesi inalankhula. Tsiku limenelo ndinawaphera tambala, ndipo anadya modzitama.

Mvula inabwera, tinawokera fodya, tinayamba kuthyola. Wailesi inayamba kudukiza mawu, koma ndikaimenya pambali inkadzuka. Masana ena ndikusoka fodya pakhonde, ndinamva wowulutsa akutchula mudzi wathu, kenako dzina langa. Singano inagwa m'manja.

"Uthenga umenewu ukuchokera kwa..."

Basi pomwepo. Ndinaimenya, ndinaigwedeza, ndinaiitana ngati munthu wokomoka. Ndinaibereka kumbuyo ndi kuthamanga chitunda chonse mpaka ku mishoni, kwa aphunzitsi ena amene anali ndi wailesi yawo. Anati tsiku limenelo sanatsegule, batire linatha. Yanga ataisuzumira m'kati anapukusa mutu. Pamene achimwene anamata paja panali patabiriwira ngati ndere, ndipo waya anangofumbutuka atamukhudza.

"Mayi, asidi ndi wa ndowa, chifukwa ndowa mukamata mumatsuka. M'wailesi amathira utomoni. Asidi amadya waya pang'onopang'ono."

Anaikonza, ndipo ndinamvera zaka ndi zaka. Dzina langa silinatchulidwenso. Ndinafunsa m'misika, kwa obwera ku Halale, palibe amene anamva uthengawo kapena kuwaona bambowo.

Achimwene ndinawakwiyira kwambiri, sindibisa. Iwo sanapepese, koma kuchokera pamenepo ndowa yanga ikadontha ndinkaipeza m'mawa itamatidwa, eni ake atapita kale. Anamwalira nkhaniyi tisanaikambe.

Anthu ankati amuna anga anasanduka mtchona. Mwina. Koma mwina mu uthenga uja ankanena tsiku lobwerera, nadikira pasiteshoni ya basi popanda wowachingamira. Mwinanso anali mnzawo akundiuza za maliro. Sindinamete, chifukwa sindinali wamasiye, ndipo sindinakwatiwenso, chifukwa ndinali mkazi wa mwini.

Mwana anagwetsa wailesi uja lero ali ndi imvi. Akanditsegulira yake, wowulutsa n'kunena kuti "ukuchokera kwa," ndimasiya kupuma mpaka amalize dzinalo.