Kuwabara, Mwamuna Wopanda Chotsutsa

Kuwabara Tsuneo ankanyadira zinthu ziwiri pa moyo wake: dzanja lodziwa kulemba ndi msana wodziwa kuwerama. Za nzeru tisanene, poti ngakhale mwini wakeyo sankaziwerengera pa katundu wake. Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi pa kampani ina yopanga mipope ya madzi kum'mawa kwa mzinda wa Osaka, ndipo pa zaka zonsezo palibe amene anamumvapo akuti ayi. Bwana akanena kuti kunja kukugwa mvula, dzuwa likuswa mtengo, Kuwabara ankatulutsa ambulera.

Udindo wake unali ndi dzina lalitali, koma ntchito yake inali yaifupi. Ankagula mababu a magetsi, kuitanitsa maluwa kukagwa maliro, ndi kulemba mayina pa maenvulopu ndi pa masatifiketi ndi kaburashi ka inki yakuda. Apa pokha ndi pamene panalibe womuposa. Akafuna kulemba dzina la mwini kampani, ankayamba wasamba m'manja, n'kukhala pansi mwakachetechete ngati wansembe. Anzake a mu ofesi ankamuseka kumbali, iye n'kumati akumusirira. Paja amati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo Kuwabara ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse.

Ankakhala m'nyumba ya lendi pa nsanjika yachinayi, yokwera ndi miyendo basi. M'menemo munali mkazi wake Mitsue, amene anatha zaka khumi ndi zinayi ali chiimire m'chipinda chozizira cha fakitale yolongedza chakudya chamasana, kuika mpunga ndi nsomba m'timabokosi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Bondo lake lamanja linali litatha. Dokotala anamuuza kuti pakufunika opaleshoni, kenaka miyezi isanu ndi umodzi osaimirira pa ntchito. Anamuchenjezanso kuti akazengereza, lamanzere nalo litsatira. Mitsue anakonza zoti asiye ntchito, banja lidalire malipiro a mwamuna mpaka achire. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Natsuko, anali atakwatiwa kutali, ndipo nayenso anali ndi ake mavuto.

Ndiye kampani inagula makina olemba zilembo zofanana ndendende ndi za kaburashi, maenvulopu zana pa kanthawi kochepa, osayamba asamba m'manja.

Kuno kwathu ku Osaka bwana sakuuza kuti choka. Amafika pa desiki yako, n'kukugwira paphewa mwachikondi, n'kunena kuti tiyeni tikamwe tiyi. Aliyense amadziwa tanthauzo la tiyi ameneyo kupatula Kuwabara. Hatanaka, mkulu woona za antchito, anamugwira paphewa kakhumi ndi kamodzi. Ulendo uliwonse Kuwabara ankabwerera pa desiki, n'kutsegula kabuku kake, n'kulemba tsiku, ola, ndi mawu onse amene Hatanaka wanena, osasiyako ngakhale limodzi. Pa chikuto cha kabukuko analembapo kuti Malangizo a Bwana.

“A Kuwabara, inu ndinu mzati wa kampani ino,” anatero Hatanaka pa tiyi wotsiriza. “Koma zinthu zavuta, mukudzionera nokha. Mpando wanuwu uchoka mwezi wamawa, mufune musafune. Ndiye munthu ngati inu zikamveke kuti anachita kumuchotsa? Aa, zamanyazi zimenezo. Bwanji mungotilembera kakalata nokha, ndi dzanja lanu lokongolalo?”

Pa zonsezi Kuwabara anamvapo mawu awiri okha: mzati ndi lokongola. Anakagula pepala lodula, nalemba katatu konse mpaka zilembo zitaima bwino: “Pa zifukwa zanga ine mwini, ndikupempha modzichepetsa kuti mundilole kusiya ntchito.” Pansi pake anadindapo chidindo chofiira cha dzina lake. Tsiku lomaliza anamupatsa maluwa, namuombera m'manja mpaka pa khomo. Chindere chakufikapocho chinalira ndi chisangalalo.

Mitsue anadziwira pa maluwawo.

“Maluwawa ndi a maliro a ndani?” anafunsa.

“Ndasiya ntchito.”

“Mwasiya kapena akuchotsani?”

“Ndasiya mwaulemu, iwe. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.”

Mitsue anakhala pansi pang'onopang'ono, mwendo wodwalawo atauwongola. Sukulu sanapite nayo patali, koma amayi a ku fakitale amadziwa malamulo a ndalama za ulova kuposa maloya, poti ambiri mwa iwo amuna awo anagwidwapo kale paphewa.

“Bambo a Natsuko, musandiuze kuti mwalemba kalata.”

“Ndalemba. A Hatanaka anaiyamikira kwambiri.”

“Akanapanda kuyamikira bwanji, mwawasenzera mtolo wawo? Tamverani. Munthu wa msinkhu wanu, wa zaka zanu pa ntchito, akachotsedwa, ndalama za inshuwalansi ya ulova zimayamba ikangotha sabata, n'kuyenda masiku 330. Akasiya yekha, ayambe wadikira miyezi itatu ali chimanjamanja, kenaka masiku 150 basi, kwatha. Akhala akukudulani pa malipiro zaka zonsezi, lero mwataya bomwetamweta chifukwa cha maluwa? Nanga bondo langali?”

“Nkhani za ndalama usazisakanize ndi nkhani za ulemu,” anatero Kuwabara, nafunsa kumene kunali botolo loikamo maluwa.

Patapita masiku khumi, kampani inatumiza pepala loti akapereke ku ofesi ya boma yoona za anthu osowa ntchito. Pa chifukwa chochokera inalembapo zomwezo: wasiya yekha. Mitsue anapempha tchuthi cha tsiku limodzi, natola kabuku ka malangizo a bwana kaja, nakaponya m'chikwama chake, naperekeza mwamuna wake. Kuwabara anavala suti ndi taye, ndipo pa benchi anakhala motalikirana ndi ena onse, kuti pasapezeke womuyesa lova.

Anawalandira mayi wina wa magalasi, dzina lake Ochiai, amene anali ataona amuna ambirimbiri a masuti otere. Mitsue anamupatsa kabukuko osapempha chilolezo kwa mwini wake. Mayiyo anawerenga masamba angapo, nakweza maso.

“Bambo, izi munalemba nokha?”

“Inde, ndi dzanja langa lomwe,” anayankha Kuwabara akumwetulira, poganiza kuti akuyamikira zilembo.

“Apa munalemba kuti anakuitanani kakhumi ndi kamodzi. Apa anakuuzani kuti mpando wanu uchoka, mufune musafune. Munthu wosiya yekha sauzidwa zotere. Taonani pansi pa pepala la kampanili. Akukufunsani ngati muli ndi chotsutsa pa chifukwa chimene iwo alemba. Mawu alipo awiri: chilipo, palibe. Mukazunguliza chilipo, ife tifufuza. Sindingalonjeze, koma ndi kabuku aka nkhani yanu ili ndi mutu.”

“Mufufuza bwanji, mayi?”

“Tiimba foni ku kampani, timve mbali yawo.”

“Kwa a Hatanaka?”

“Ngati ndiwo oona za antchito, eya.”

“Ndiye adziwa kuti ndanena ndine?”

“Dzina lili papepalali ndi lanu, bambo.”

Kuwabara sankaopa njala, sankaopa kusowa lendi. Ankaopa kuti foni ilira pa desiki ya munthu amene anamutaya ngati chiguduli, munthuyo n'kukwinya nkhope. Mitsue anachita chinthu chimene sanachitepo pa anthu chikwatiwire. Anagwira dzanja la mwamuna wake, naliika pa bondo lake lotupa.

“Gwirani apa. Ndati gwirani, musachotse. Mukumva kutenthako? Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndakuphikirani, ndakusitirani malaya, ndinakupemphanipo chiyani? Lero ndikupempha kamzere kamodzi kozungulira. Kamodzi kokha, bambo a Natsuko.”

Kuwabara anachotsa dzanja msanga, nayang'ana uku ndi uku ngati wina waona. Kenaka anatenga cholembera, nachigwira mwaluso monga mwa masiku onse, nazunguliza palibe. Kunena chilungamo, kamzereko kanali kokongola, kosagwedera ngakhale pang'ono.

“Mukasintha maganizo mubwere msanga, bambo,” anatero mayi Ochiai, koma maso ake anali pa Mitsue. Kuwabara anawerama, nathokoza, napempha kuti amubwezere kabuku kake.

Miyezi itatu yodikirayo anaisenza Mitsue yekha. M'malo mosiya ntchito anapempha maola owonjezera, namanga bondo ndi nsalu ziwiri. Poweruka ankaima m'sitolo kudikira wantchito womata timapepala totsitsa mtengo pa nsomba zotsala. Madzi osambira ankachapiranso zovala. Nyama inasowa pa mbale, panatsala kabichi ndi mazira, ndipo chotenthetsera m'nyumba chinkayatsidwa ola limodzi patsiku. Masitepe a nsanjika zinayi aja ankawakwera atakukuta mano, thumba m'manja, kupumira pa nsanjika iliyonse.

Naye Kuwabara sanangokhala, tisamunamizire. Ankapukuta nsapato zake m'mawa uliwonse. Ankapita ku ofesi ija kukaona ntchito zimene zalengezedwa, n'kubwerako akuti zonse n'zosayenera munthu wa mbiri yake. Kunali ntchito yolondera poimika magalimoto, anati n'kudzichotsa ulemu. Kunali yosesa m'sitima, anati a Hatanaka akhoza kukwera sitima yomweyo. Pa chakudya ankadandaula kuti kabichi wachuluka.

Mwezi wa Disembala unafika, nthawi imene anthu amatumiza mphatso kwa amene anawachitira zabwino m'chakacho. Mitsue anali ndi kachitini ka tiyi kuseri kwa mbale, mmene ankabisamo timapepala ta ndalama tokonzekera chipatala. Tsiku lina anakapeza katapepuka. Sanafunse. Patatha sabata kunabwera khadi yochokera kwa Hatanaka, yothokoza chifukwa cha bokosi la nyama yankhumba yodula. Khadiyo inali yolembedwa ndi makina aja. Kuwabara anaiimika pa shelefu, pafupi ndi botolo la maluwa ouma.

“Mwamutumizira nyama munthu amene anakuchotsani?” anafunsa Mitsue, mawu ali pansi.

“Sanandichotse. Komanso mwambo ndi mwambo. Ukanafuna aziti Kuwabara anangochoka n'kuiwala anthu?”

“Ayi, zoona. Anthu saiwalidwa,” anatero Mitsue, napitiriza kudula kabichi.

Lamlungu lotsatira m'mawa, Kuwabara anapeza tebulo litapukutidwa, pepala lodula lija litayalidwa, inki itakonzedwa kale, kaburashi kali pambali.

“Bambo a Natsuko, tandilemberaniko kalata yosiyira ntchito ku fakitale. Dzanja langa mukulidziwa, ngati papalasa nkhuku.”

Nkhope ya Kuwabara inawala. Miyezi yonseyi panalibe amene anafunapo dzanja lake. Sanafunse n'komwe kuti nanga tidya chiyani. Anathamangira kukasamba m'manja, nakhala pansi mwaulemu, nalemba: “Pa zifukwa zanga ine mwini, ndikupempha modzichepetsa kuti mundilole kusiya ntchito.” Mitsue anadindapo chidindo chake.

“Yakoma. Lembaninso ina, mawu omwewo.”

Analemba, ndipo yachiwiriyo inaposa yoyamba.

“Imeneyi ikupita kwa yani?” anafunsa, kaburashi kali m'mwamba.

“Pa dzina la wolandira lembanipo Kuwabara Tsuneo.”

Dzanja linamvera mutu usanamve. Anali atamaliza dzina lonse pamene anaona chikwama chachikulu chili pa khomo, ndi ndodo yoyendera itatsamira pamenepo. Mitsue anadinda kalatayo, naisiya patsogolo pake ndi manja awiri, monga momwe kalata yotere imaperekedwera kwa bwana.

“Ndikupita kwa achemwali anga a Sachie ku Tottori. Nyumba yawo ilibe masitepe, ndipo chipatala ndalankhula nacho kale. Zotsala m'kachitini ndatenga. Ndalama zanu ziyamba mwezi wamawa, masiku 150, muziwawerenga bwino poti kulemba mumatha. Mpunga uli m'kabati yapansi, ngati mukudziwa kumene kuli kabati.”

“Iwe, ine sindinakuthamangitse.”

“Ayi, simunandithamangitse. Anthu aulemu ngati inu sathamangitsa munthu, amangomugwira paphewa. Inu munandigwira tsiku lija ku ofesi ya boma. Ndiye ndasiya ndekha, mwaulemu, musade nkhawa kuti anthu aziti chiyani.”

Anavala nsapato movutikira, natenga ndodo, nakoka chikwama. Ali pa khomo anatembenuka, ndipo mtima wake unali usanaume kotheratu. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu si masewera. Akanamva liwu limodzi lokha, mwina chikwamacho chikanabwerera mkati.

“Bambo a Natsuko, ndikufunsani kamodzi. Pali chotsutsa?”

Chinalipo. Kuwabara anatsegula pakamwa. Koma lilime lake linali lisanaphunzirepo liwu limenelo, pomwe msana unali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi za ukatswiri. Msana unafika poyamba. Anawerama, bwinobwino, mpaka mphumi inatsala pang'ono kugunda tebulo.

Pamene ankadzutsa mutu, chitseko chinali chitatsekeka. Panja pankamveka ndodo, kenaka phazi, kenaka chikwama chikugunda sitepe. Mitsue ankatsika sitepe imodzi imodzi, kupumira pa nsanjika iliyonse, moti mwamuna wina aliyense akanamupeza asanafike pansi, ngakhale atayamba wafunafuna nsapato. Kuwabara anamvetsera mpaka phokosolo litazilala. Kenaka anakumbukira kuti inki ikaumira imawononga ubweya, ndipo ananyamuka msangamsanga kukatsuka kaburashi kake.