A Telala ndi Mwana Amene Sanamunyamule

"Mayi amenewa kupemphera ndinawaphunzitsa ndine," anamveka mkulu wa kwaya pa maliro a mayi amene tinkawatcha a Telala. Amene tikudziwa kuti a Telala anabatizidwa iyeyo asanabadwe tinangoyang'ana nsapato zathu.

A Telala anakulira kwa azakhali awo, kumene anaphunzira kupalasa makina osokera miyendo isanafike bwino pansi. Nsalu za paguwa ankasoka ulere. Amuna awo atamwalira, ana anawalera ndi makina omwewo. "Ulusi ukaduka sitilira, timalumikiza," ankatero.

Atafika pa msinkhu wa zidzukulu, khosi linayamba kutupa. Kuchipatala anati ndi chithokomiro. Anawamwetsa kambulu ka ayodini wotulutsa mphamvu yosaoneka, kuti mawa lake makina awaunike pakhosi, aone kuchuluka kwa ayodini amene chithokomirocho chakoka. Namwino anawachenjeza: "Mayi, masiku angapo musanyamule khanda, mphamvu ya mankhwalawa ingalivulaze."

Lamlungu la sabata yomweyo unali ubatizo wa mdzukulu wa alamu awo, ndipo woyenera kumunyamula anali a Telala. Za matendawo sanauze aliyense, poti ankati kudandaula n'kuba nthawi ya pemphero. Anaima panja, pawindo, manja kumbuyo. Kadiresi ka ubatizo anali atasoka okha.

"Mwana wathu akununkha?" anafunsa alamuwo.

"Ayi alamu, sindingathe lero."

Kuyambira pamenepo moni anatha. A Telala ankagwada benchi yakumbuyo, kupempherera mtsikana wobatizidwa uja, amene ankakula osawadziwa. Akanangofotokoza zikanatha tsiku lomwelo, koma oyera mtima nawo amakhala ndi kaliuma kawo.

Zaka zitapita, a Telala anadwala mpaka osathanso kudzuka pabedi. Mwana wawo wamkazi, amene anadzadziwa chinsinsicho pambuyo pake, atatopa ndi nkhaniyi, anapita kukaulula zonse kwa alamu aja. Alamu anabwera amayi a mphakati wa kutchalitchi ali m'chipindamo, pambuyo pawo mtsikana uja, tsopano mayi, khanda kumsana.

"Inu, zaka zonsezi pakamwa panali posokedwa?" anafunsa alamuwo.

"Simunafunse kachiwiri," anatero a Telala. "Bweretsani kuno. Uyo wakula, sindingamuthe. Ndilipira pa uyu."

Anawaika khandalo pachifuwa. Linawanyowetsa bulangete, iwo osalola kuti alichotse.

"Mwaona nonse?" anafunsa. "Ndamunyamula."

Amayi aja anavomera kuti aona. A Telala anatsikira kulichete masana ake, alamu awo akuwakupiza ndi buku la nyimbo. Kwa ife anatisiyira chitsanzo cha kupirira, ndi phunziro lakuti nthawi zina munthu uzingonena.