Dzanja la mwana pamimba panga

Chaka chimene amuna anga anamwalira, aphunzitsi a makalasi aang'ono tinaitanidwa ku Kasungu boma kuti tikaphunzire njira zokhazikira ana mtima pansi. Ndinapita chifukwa ahedi anandilemba dzina. Masiku amenewo ndinkangochita chilichonse chimene ndauzidwa. Pamaliro sindinalire, ndipo amayi a ku Njombwa, kwawo kwa malemuwo, anandinena mpaka kutopa okha. Sikuti ndinali wolimba mtima. Mkatimu munangoti zii, ngati m'chigafa fodya atapita ku okushoni.

Anatiphunzitsa zinthu zosavuta: kupuma pang'onopang'ono utagona chagada, kukweza manja ndi kuwatsitsa, kuyenda ukumvetsera phazi likuponda pansi. Nditabwerera kusukulu kwathu ku Lisasadzi ndinayamba ndi ana a Sitandade 2, pansi pa mtengo wa mango. Ena ankaseka, ena ankaliza dala mkonono. Koma kuyenda mofatsa sikunawavute. Ndinangowauza kuti ayende ngati anyamula fodya wouma amene sakufuna kuti ayoyoke, ndipo mwana wa kuno zimenezo sachita kuphunzitsidwa. "Kokani mpweya, tulutsani," ndinkatero, ngati ndikuitana mayina m'kaundula. Ineyo sindinkamva kanthu.

Kunyumba ndinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Chimwalirire bambo ake anasiya kundilankhula. Ankayankha ndi mutu basi. Ndinkaona kuti mwanayu akundipulumuka m'manja, koma ngakhale manthawo ankandifika ngati nkhani ya eni.

Loweruka lina masana ndinati ndimuyese nayenso. Ndinayala mkeka pabalaza.

"Taona mmene ndichitire ine, kenako uchite iwe," ndinatero.

Ndinagona chagada, miyendo pamodzi, manja pachifuwa, n'kutseka maso, ndendende monga anatisonyezera ku boma. Ine mphunzitsi wamkulumkulu, sindinaganize n'komwe kuti pamalo pomwepo, pa mkeka womwewo, ndi pamene tinagoneka bambo ake podikira bokosi.

Mfuu imene anakuwa sindinaimvepo kwa mwana aliyense. Anandigwera pachifuwa, zibakera zili phiphiphi.

"Amayi! Amayi, dzukani!"

Ndinatsegula maso. Ndinangogwira dzanja lake n'kuliika pamimba panga.

"Ndili moyo. Tamva. Ikukwera, ikutsika."

Dzanja analisiya pompo, chimfine chikutsikira pakamwa. Ndinakoka mpweya, ndinatulutsa, ndinakokanso. Panapita nthawi ndithu.

"Ya ababa sinkakwera," anatero. "Ndinagwira."

Panali patatha miyezi inayi chimwalirire bambo ake. Tsiku la malirolo m'nyumba munadzaza anthu, amayi a mvano akuimba, ine nditangokhala pakona ngati mlendo, ndipo palibe anamuona akugwira. Anasunga yekha nkhaniyo, ine ndili naye nyumba imodzi.

"Eya, sinkakwera," ndinamuyankha.

Ndikanakonda ndikanalemba kuti ndinalira, koma misozi sinabwere. Ndinapinda mkeka uja n'kukaupereka kwa aneba. Kusukulu ndinasiya kugoneka ana pansi, timapuma chiimire.

Panopa amalankhula, nthawi zina mpaka kusokosa. Koma m'mawa uliwonse, ndisanadzuke, ndimamva chitseko chikutseguka, kenako kadzanja kozizira pamimba panga. Masiku ena sindiona chifukwa chodzukira. Ndimangokoka mpweya wambiri, kuti aimve bwino ikukwera.